Mkono wa Apongozi Anga

Ndinakhala pa chikamwini zaka zisanu ndi zitatu ndisanaone bwino nkhope ya apongozi anga. Sikuti tinali pa udani. Unali ulemu, ndipo ine ndinkausunga kuposa akamwini ena onse a pamudzipo. Ndinkanyada nazo.

Mudziwo unali cha ku Milonde, pamtunda, moti pochokera kumtsinje munthu ankakwera chitunda chachitali ndithu. Eni ake anali Alomwe amene anaoloka kuchokera kwa Apwitikizi masiku amene azungu ankayamba kumene kugwetsa mitengo m'tsinde mwa phiri kuti adzale khofi ndi tiyi. Apongozi anga anabwera wapansi, mtolo pamutu, mkazi wanga ali kamtsikana kogwira nsonga ya nsalu yawo. Amuna awo anafera m'njira. Zimenezi ndinazimva kwa mkazi wanga, chifukwa ine ndi apongozi sitinkayankhulana.

Tikakumana panjira, amene wayamba kuona mnzake ankapatuka n'kulowa m'udzu, nkhope kumbali, mpaka winayo adutse. Pakati pa nyumba yawo ndi yathu panali mpanda wa bango. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga, ngakhale pamene tinali moyandikana moti ndinkawamva akutsokomola.

"Uwauze amuna akowo kuti mbuzi yawo yadyanso nandolo wanga," ankatero ali kuseri kwa mpanda.

"Uwauze amayi kuti ndaidzudzula kale," ine ndinkayankha.

"Uwafunse ngati anaidzudzula m'Chingelezi. Mwina n'chifukwa chake sinamve."

Mkazi wanga ankangoima pakati osanena kanthu, poti uthenga unali utafika kale. Umo ndi momwe tinkachezera. Akaphika kalongonda, nyemba zija zimene zimatha tsiku lonse zili pamoto, mbale yoyamba inkabwera kwa ine. Ine ndikapeza mchere kumishoni, theka linkapita kwa iwo.

Ndinaphunzira kumishoni mpaka makalasi apamwamba. Nditamaliza, dokotala wa pamenepo anandiphunzitsa kutsuka zilonda, kumanga mabala, ndi kupereka kwinini ndi mankhwala a njoka zam'mimba. Kenako ananditumiza kukanyumba ka mankhwala kamene kanali mtunda woyenda ola limodzi kuchokera kwa apongozi. Anthu ankanditcha adokotala. Sindinkawakaniza.

Chaka chilichonse, anthu akatha kukolola, dokotala ankatiitana ife tonse a m'tinyumba ta mankhwala kuti tibwerere kuchipatala chachikulu kwa sabata imodzi. Ankatiphunzitsa zatsopano ndi kutikumbutsa zimene tinaiwala. Tinalipo asanu ndi awiri. Chaka chimene ndikunenachi phunziro linali la mtima.

Kugwira mtsempha wa pamkono tinkadziwa kale. Aliyense anali ndi kagalasi ka mchenga kamene kankatha pa theka la mphindi. Unkaika zala zitatu pamkono wa wodwala, pamene dzanja limayambira, n'kuwerenga kugunda mpaka mchenga utsike wonse, kenako n'kuwirikiza kawiri. Chimene tinkafuna ndi nambala. Ukaipeza unkalemba, basi.

Tsiku lachitatu dokotala analowetsa m'chipinda bambo wina wachikulire amene kale ankanyamula machila a azungu a kumunda wa tiyi. Anamukhazika pampando n'kutiuza kuti tiike magalasi athu pansi.

"Gwirani mmodzimmodzi," anatero. "Musawerenge. Ingomverani."

Chinyanja chake chinali chokhota, koma tinkamumva. Nthawi yanga itakwana ndinagwira. Mtsempha uja unagunda katatu mothamanga, n'kuima, n'kugunda kamodzi mwamphamvu, kenako kawiri mofooka moti zala zinakayika ngati zamvadi. Ndinadikira kuti ubwerezenso momwemo. Sunabwereze. Unali ngati madontho ogwa padenga la udzu mvula itakata, lili lonse pa nthawi yake.

Mnzanga wina wa ku Chonde, munthu wanthabwala amene tinkagona chipinda chimodzi, anagwira pambuyo panga. Posakhalitsa anakweza mutu.

"Bwana, ndautaya."

"Eya!" dokotala anatero, akumenya tebulo ndi chikhatho. "Wautaya chifukwa ulibe njira. Kutayako ndiye matendawo."

Anajambula mtima pabolodi. Anati mwa anthu otere zipinda za pamwamba za mtima sizigunda, zimangonjenjemera. Magazi amachedwa mmenemo monga amachitira madzi pokhota mtsinje, ndipo akachedwa amaundana. Tsiku lina kachidutswa kamachoka, n'kuyenda ndi magazi mpaka kumutu, n'kutseka njira. Munthu amagwa. Akadzuka, mbali imodzi ya thupi yafa, pakamwa papindika, nthawi zina mawu apita. Tonse tinali titaonapo anthu otere m'midzi. Palibe mwa ife amene anaganizapo kuti zimayambira mumtima.

Kenako anatulutsa kabotolo kakang'ono. Anati ndi madontho ochokera kumasamba a duwa lina la kwawo. Amachepetsa liwiro la mtima, munthu n'kumapuma bwino, mapazi otupa n'kuphwa. Sanatilonjeze kuti amaletsa kufa ziwalo. Anati chimene tingathe ife ndi kumupeza munthuyo asanagwe, kumuletsa katundu wolemera ndi zitunda, ndi kumubweretsa kuti iye amuone.

"Kwa mtima wotere awa ndi mankhwala," anatero. "Kwa mtima wabwino ndi poizoni. Choncho sindipereka dontho ngakhale limodzi pa mawu akuti ndamva. Munthu agwire ndi zala zake."

Anatchula zizindikiro zina: wefuwefu pokwera, kutupa mapazi madzulo, ndi kumva ngati m'chifuwa muli kanthu kophiriphitha. Akutchula choncho, ine ndinaleka kulemba. Apongozi anga anali atayamba kuima kawiri pachitunda chija akamachokera kumtsinje, mtsuko uli pamutu, akuchita ngati akuyang'ana chimanga cha eni. Mapazi awo ndinkawadziwa bwino kuposa nkhope, poti ndi amene mkamwini amaona akazolika, ndipo anali atayamba kunenepa. Tsiku lina ndinawamvanso akuuza mwana wawo kuti m'chifuwa mwawo mwalowa mpheta.

Phunziro litatha ndinamutsatira dokotala pakhonde. Ndinamuuza kuti m'mudzi mwathu muli mayi wina amene ali ndi zonse zimene watchulazo. Ndinati mayi wina. Sindinanene kuti ndi ndani.

"Ukamugwire m'mawa, masiku atatu," anatero. "Galasi ulitembenuze kawiri. Undilembere zimene zala zako zamva. Ngati uli ngati wa bambo uja, umubweretse pa machila, asayende."

Mnzanga wa ku Chonde anamva zonse. Tikupita kukadya anandigunda ndi chigongono.

"Mayi wina, eti? Mayi winayo sanakuberekere mkazi?"

Ndinangopitiriza kuyenda.

"Ndiye ukawagwira ndi chiyani, achimwene? Ndi nsungwi? Kapena ukatseka maso n'kunena kuti pepani amayi, si ine, ndi sukulu?"

"Ndikaona," ndinatero.

Anaseka, kenako anasiya. "Tamvera. Kwa ine si apongozi. Pobwerera ndidzere kwanu, ndikagone masiku atatu, ndikawagwire ine. Iwe ukangondiphera nkhuku."

Anali mawu abwino, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti ndi abwino. Koma ndinaona m'maganizo mwanga anthu a pamudzi akufunsana kuti adokotala athu aja alephera chiyani kuti achite kuitana a ku Chonde. Ndinamuthokoza n'kumuuza kuti asavutike, ndili nayo njira. Ndinalibe.

Nditafika kumudzi ndinamufotokozera mkazi wanga zonse, kupatula chinthu chimodzi. Ndinamuuza za magazi oundana, za madontho, ndi kuti mkono wa amayi uyenera kugwiridwa. Sindinamuuze kuti chimene tikufuna kumva ndi kusokonekera kwa kagundidwe. Ndinkaona ngati zimenezo ndi za ife ophunzira.

Anapita kuseri kwa mpanda. Ndinamva akunong'ona, kenako mawu a apongozi anakwera kuti andipeze pamene ndinali.

"Zaka zonsezi sanandione nkhope, lero akufuna mkono? Kusukuluko akuwaphunzitsa zimenezi tsopano?"

"Akuti ndi za mankhwala, amayi."

"Ndamva, si ine gonthi." Kenako anapitiriza. "Uwauze kuti ngati ndi za mankhwala, njira ilipo. Auze malume ako. Abwere ndi nkhuku, abale akhale pansi, tidyere mbale imodzi. Akatero andigwire mkono, kaya mwendo, kaya khutu. Ine ndakalamba, manyazi ndasiyira atsikana."

Njirayo inalipodi. Mkamwini amene wakhala zaka, wabereka ana, wamanga nkhokwe, ankatha kumasulidwa pamaso pa abale kuti azilankhula ndi apongozi ake. Koma kawirikawiri ankayambitsa ndi akuchikazi, osati mkamwini. Malume a mkazi wanga anali kuthangata kumunda wa mzungu, ndipo akanabwera patatha sabata ziwiri kapena zitatu. Ndinadziuza kuti sabata zitatu ndi zambiri, dokotala akudikira kalata. Chimenecho chinali chifukwa chonenera anthu. Chifukwa chenicheni chinali chakuti sindinkafuna kukhala pamphasa pakati pa mudzi, nkhuku m'manja, akamwini anzanga akuseka kuti wophunzira uja watopa ndi ulemu, wapempha yekha.

Ndiye ndinapeza nzeru yanga. Ndinamuphunzitsa mkazi wanga kupeza mtsempha pamkono wanga, ndipo anaupeza msanga. M'mawa mwake anakhala ndi amayi ake kuseri kwa mpanda, dzanja limodzi pamkono wawo, lina litagwira kamtengo. Pambali pake tinagoneka mtondo. Mtsempha ukagunda, iye agogode mtondo. Ine ndinakhala mbali yathu ya mpanda, galasi m'manja, kumvetsera.

"Uwafunse ngati kwa azungu amachiza chonchi," apongozi anatero. "Kapena akufuna tivine?"

Go, go, go, go. Kugogoda kunabwera mofulumira koma mofanana, ngati anthu awiri odziwana akusinja. Ndinatembenuza galasi kawiri n'kulemba nambala. Mtima wanga unakhala pansi pang'ono.

Tsiku lachiwiri, mchenga uli pakati, kamtengo kanaima. Kenako kanagogoda katatu mothamanga, n'kubwerera mwakale.

"Chachitika n'chiyani?" ndinafunsa.

"Palibe, bambo ake. Ndinangoutaya pang'ono. Ndaupeza."

Mawu amenewo ndinali nditawamva masiku ochepa m'mbuyomo, ndipo ndinkakumbukira chimene dokotala anayankha. Sindinganame kuti sindinazindikire. Ndinakhala pamenepo, galasi litatha, ndikuyang'ana bango. Mkono wa apongozi unali pafupi moti ndikanapisa dzanja pampata wa mpanda ndikanaukhudza. Ndinadziuza kuti mkazi wanga sanazolowere, zala zake zaterereka, ndi zimene zimachitika kwa woyamba kumene.

Tsiku lachitatu kamtengo sikanaime ngakhale kamodzi.

Ndinalemba kalata. Ndimaikumbukira yonse chifukwa inali yaifupi. Ndinati ndagwira mkono wa mayi uja m'mawa katatu, mtima ukugunda mofulumira koma mofanana. Liwu lakuti ndagwira ndinaliyang'ana nthawi yaitali ndisanapinde pepala. Ndinaipereka kwa bambo amene ankatibweretsera bokosi la mankhwala.

Yankho linabwera ndi bokosi lotsatira. Dokotala anati ngati mtima ukugunda mofanana, mwina ndi kuchepa kwa magazi, ndimupatse mayiyo mankhwala owonjezera magazi, palibe chifukwa chomuvutitsa ndi ulendo wautali. Ndinasangalala ndi kalatayo ngati kuti wanena ndi munthu amene waona. Chonsecho ankangondibwezera mawu anga omwe.

Apongozi anamwa mankhwalawo mokhulupirika.

"Uwauze kuti mankhwala awo akununkha khasu ladzimbiri."

"Uwauze amayi kuti achepetse kupita kumtsinje," ndinatero.

"Uwafunse ngati madzi aphunzira kukwera chitunda okha."

Ndinaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndikanakhala kuti ndinamva ndi zala zanga chimene chinali m'mkono umenewo, sindikanaseka. Ndikanatunga madziwo ndekha, anthu anene zimene anganene.

Panapita miyezi iwiri. Inafika nthawi yotentha, pamene amayi amakumba chinangwa, kusenda ndi kuyanika pamwala kuti chikhale makaka. Tsiku limenelo linali Loweruka ndipo ndinali pakhomo, ndikukonza khola la mbuzi. Dzuwa lili pamutu ndinamva mayi wina akukuwa cha kuchitunda, akuitana mkazi wanga. Kenako anayamba kuitana ine.

Ndinawapeza atagona chammbali pamwamba penipeni pa chitunda, dengu litagubuduka, chinangwa chili mbwee m'njira. Amayi anayi anali atawazungulira. Nditafika anapatuka okha. Palibe amene anakumbuka kuti ndine mkamwini, ngakhale ine. Ndinagwada n'kunyamula mkono wawo wamanja. Unali wolemera ngati si wa munthu wamoyo, ndipo nditausiya unagwa. Ndinagwira wamanzere n'kuika zala zitatu.

Galasi silinafunike. Katatu mothamanga, kuima, kamodzi mwamphamvu, kenako tina tofooka. Mwana wa sukulu akanamva. Zinanditengera nthawi yochepa kuposa imene munthu amatenga pomwa madzi.

Apo ndi pamene ndinaona nkhope yawo. Anali ndi mphini zitatu patsaya lililonse, ndi kabowo kakale pamlomo wapamwamba pamene ankavala mphete ali mtsikana. Mbali imodzi ya pakamwa inali itatsika. Maso anali otseguka, ndipo anandizindikira. Anayesa kulankhula, koma panangotuluka mpweya ndi malovu. Kenako anasolola dzanja lamoyo lija m'zala zanga, pang'onopang'ono, n'kufufuza nsonga ya nsalu yawo, n'kuikokera kumaso.

Pa zonse zimene zinachitika chaka chimenecho, chimenechi ndi chimene chimandibwerera kawirikawiri. Munthu atagona m'fumbi, theka la thupi litapita, anali kundisungirabe ulemu umene ine ndinabisalamo.

Tinamanga machila ndi nsungwi ndi bulangeti. Tinanyamuka m'mamawa tsiku lotsatira, amuna anayi tikusinthana, mkazi wanga akuyenda pambali ndi chikho cha madzi. Tinafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Dokotala anawagwira mkono, n'kumvetsera pachifuwa, n'kukweza chikope. Anauza mayi wina wogwira ntchito m'chipinda cha akazi kuti awagoneke. Kenako anandiitanira m'kachipinda kake n'kutseka chitseko.

Anatsegula kabati n'kutulutsa kalata yanga. Sindinkadziwa kuti amasunga.

"Mayi uyu ndi yemwe uja?"

"Ndi yemweyo, bwana."

"Mtima uwu sunayambe dzulo kuchita chonchi. Unagwira ndiwe?"

Ndinamuuza zonse, za mpanda, za mtondo, za kamtengo. Ndinamuuzanso za tsiku lachiwiri. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo mwina ndinkafuna kuti atero. Anangokhala pansi n'kuvula magalasi ake a maso.

"Ndi mayi wa mkazi wako," anatero. "Mwambo umenewo ndimaudziwa. Ndakhala kuno zaka zambiri. Ukanandiuza pakhonde paja, ndikanatumiza mayi wa m'chipinda cha akazi uja. Ndi ulendo wa tsiku limodzi."

Ndinayang'ana pansi.

"Sindikudziwa ngati madontho akanaletsa zimenezi," anapitiriza. "Mwina ayi. Ena timawapatsa, amagwabe. Koma sakananyamula dengu pachitunda." Anapinda kalata ija. "Mwambo si umene unandinamiza. Mwambo sulemba kalata."

Sanandichotse ntchito. Anati pa maphunziro a chaka chamawa ndidzaime pamaso pa anzanga ndi kuwafotokozera ndekha, ndipo ndinadzaterodi. Mnzanga wa ku Chonde sanaseke tsiku limenelo, ndipo sanandikumbutse kuti anadzipereka. Ndikanakonda akanandikumbutsa.

Apongozi anakhala kuchipatala sabata zitatu. Madontho anathandiza kupuma, mapazi anaphwa, koma mkono ndi mwendo sizinabwerere. Mawu anabwerera ochepa, a Chilomwe okhaokha, ndipo ambiri anali osalumikizana. Tinabwerera nawo kumudzi ndi kabotolo kaja. M'mawa uliwonse ndinkalowa m'nyumba mwawo, kugwira mkono, kuwerenga madontho m'chikho. Palibe amene ananenapo kanthu. Anakhala ndi moyo mvula ziwiri.

Chatsala chinthu chimodzi choti ndinene, ndipo ndi chimene ndachedwa nacho kwambiri.

Titabwerera kumudzi, mkazi wanga anasintha. Ntchito ankagwira yonse, kuwasambitsa amayi ake, kuwatembenuza, kuwadyetsa phala ndi chikombe, koma ankadya pang'ono ndipo sankacheza ndi anzake kumtsinje. Ndinkati ndi chisoni. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinamumva akulankhula ndi mayi ake aang'ono kuseri kwa nkhokwe.

"Ndine ndinalakwitsa," ankatero. "Iwo anandiphunzitsa bwinobwino. Ine ndi umbuli wangawu ndinagogoda zolakwika, ndiye analemba zolakwika. Akanakhala ndi mkazi wopita kusukulu, amayi akanakhala akuyenda."

Ndinaima pamenepo. Kenako ndinabwerera m'mbuyo mwakachetechete, n'kuzungulira, n'kulowera mbali ina ndikutsokomola ngati ndangofika. Kwa dokotala ndinaulula tsiku lomwelo. Kwa anzanga ndinali wokonzeka kuulula. Koma mkazi wanga ndinamusiya asenze mlandu wanga mwezi wathunthu, chifukwa pamudzi ponse anali yekhayo amene ankandiyang'anabe ngati munthu wosalakwa.

Ndinamuuza tsiku lina masana, akuyanika mphasa ya amayi ake padzuwa. Ndinagwira mbali ina ya mphasayo kuti ndimuthandize, ndipo ndinayamba ndisanakonzeke.

"Za mtondo zija, sunalakwe ndiwe."

Sanandiyang'ane. "Musandisangalatse, bambo ake."

"Sindikukusangalatsa. Tsiku lachiwiri unati wautaya. Ukukumbuka?"

"Ndikukumbuka. Ndi pamene ndinalakwitsa."

"Ayi. Ndi pokhapo pamene unagogoda zoona. Mtima wa amayi umatayika. Matenda ake ndi amenewo. Dokotala anatiuza, ine ndinkadziwa, ndipo ndinamva pamene unanena."

Anasiya mphasa. Mbali yake inagwa pansi, ine ndikugwirabe yanga.

"Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Kuti ukatayika ndiye kuti ndi matendawo?"

"Inde."

Atayamba kulankhula, mawu ake anali otsika, ngati akudziuza yekha.

"Unkatayika masiku onse atatu. Kuyambira tsiku loyamba. Ndimati ndi zala zangazi. Ndimati mukamva ndikudukiza muziti mkazi wanga ndi mbuli, sangathe ngakhale kugogoda mtondo. Ndiye pamene wasowa ndinkaikapo wanga. Tsiku lachitatu ndinasiya n'kumvera komwe, ndinkangogogoda kuti zimveke bwino kwa inu." Anandiyang'ana. "Mukanangondiuza mawu amodzi. Amodzi okha."

Ine ndinali ndikugwirabe mbali yanga ya mphasa.

"Ndipo mwezi wonsewu mwakhala mukundiona."

"Ndakhala ndikukuona."

Anatola mbali yake ya mphasa, n'kuikutumula, n'kuiyala pa udzu. Anachotsa yanga m'manja mwanga n'kuiwongola yekha. M'nyumba apongozi anayamba kuitana ndi liwu lawo limodzi limene ankaitanira aliyense. Inali nthawi yowatembenuza, ndipo ntchito imeneyo inkafuna anthu awiri.

Mkazi wanga anapukuta manja pansalu n'kulunjika kukhomo. Atafika pakhomo anaima osacheuka.

"Bwerani mugwire kumapewa," anatero. "Ine ndigwira kumiyendo."

Ndinamutsatira.